Kapinga wa mayi, mame ndi tizilombo tosaoneka

Kuseri kwa nyumba yathu ku Chelstone mu Lusaka kuli kabwalo ka kapinga kamene mayi anga anabzala ndi manja awo. Mbewu yake ankachita kuzula m'mbali mwa msewu, kuika m'thumba la ufa, kubwera nayo pamutu. Ife tili ana tinkaona ngati ntchito yopanda pake, koma lero ndi kapinga yemweyo amene amatilipirira magetsi ndi fizi ya ana, chifukwa pafupifupi Loweruka lililonse pamakhala anthu obwereka malowa: ena kitchen party, ena chilanga mulilo, ena kungofuna pojambulira zithunzi za ukwati. Mayi anatisiya. Kapinga ndiye anatsala m'manja mwanga, ndipo akadwala, ine tulo sindiona.

Anayamba kudwala mu Seputembala 2024. Poyamba anali madontho ochepa otuwa ngati udzu wouma, ena aang'ono ngati ndalama yachitsulo, ena ngati chikhatho. Ndinaganiza kuti ndi mkodzo wa galu. Patapita sabata madontho aja anachuluka, nayamba kugwirana, moti mbali ya pafupi ndi mtengo wa mapeyala inkaoneka ngati mutu wa mwana wa chipere. Tsiku lina ndinadzuka kusanache bwino, ndinagwada n'kuyang'anitsitsa. Pa dontho lililonse panali tiulusi toyera, tofewa, tolukana pakati pa masamba ngati ukonde wa kangaude. Dzuwa litangotuluka tiulusi tija tinazimirira. Ndinathothola tsamba limodzi: pakati pake panali potuwa, kumtunda ndi kumunsi kwa potuwapo kuli kamzere kofiirira, nsonga yake idakali yobiriwira. Tsambalo linali ngati lamangidwa lamba wa imfa m'chiuno.

Amene munali mu Lusaka chaka chimenecho mukukumbukira mmene zinthu zinalili. Mvula inakana, boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chafika pa tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anaphwa, magetsi n'kumabwera maola ochepa, nthawi zambiri usiku. Chitsime chathu chimadalira pampu ya magetsi. Ndiye akangoyaka madzulo, ine ndinkathamangira payipi, n'kuwaza kapinga yense mwachangu, pang'onopang'ono paliponse, poopa kuti azimanso. Tsiku ndi tsiku. Masamba ankagona onyowa mpaka m'mawa, pamene pansi, pomwe pali mizu, dothi lili gwa. Feteleza ndinali nditasiya kuthira chifukwa ndalama zinkathera ku makala ndi makandulo. Sindinadziwe kuti ndikuyalira matenda mphasa.

Ndinapita kusitolo ina ya zaulimi m'tauni, ndinaonetsa chithunzi pafoni, anandipatsa botolo la mankhwala opha fangasi, tizilombo ta mtundu wa nkhungu. Ndinapopera, ndipo ndisaname, anagwira ntchito. Madontho anaima. Patatha milungu itatu anabwerera, ndinapoperanso, anaimanso, anabwereranso. Chimene ndinasweka nacho mtima chinachitika Loweruka lina: kamwana kena kokwawa, ka mmodzi wa alendo, kanazula udzu n'kuika m'kamwa, amake akuseka. Ine ndinali nditapopera Lachinayi. Ndinakanyamula msanga kamwanako n'kukapereka kwa amake, osanena kanthu, koma usiku wonse ndinali kutembenuka pabedi. Palinso china chimene aliyense wa mu Lusaka ayenera kuchikumbukira: mzinda uno unakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo zimene timathira pamwamba sizichedwa kupeza njira yopita ku madzi a pansi omwe timamwa tokha.

Ndipamene ndinaitana amalume a ku Mtendere, mlongo wawo wa mayi. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri yosamalira udzu pabwalo lina la gofu muno m'tauni, mpaka anapuma. Anafika ndi minibasi, chipewa chili kumutu, ndipo asanamwe n'komwe tiyi anapempha mpeni wa kukhitchini. Anadula kapinga kagawo kooneka ngati chidutswa cha chigumu, n'kukazula. Anandionetsa: pamwamba masamba, pansi pake chiphasa chokhuthala cha udzu wakufa, chouma ngati chikuse, kenako timizu tafupitafupi, kenako dothi lolimba lotuwa. Analinyenya m'manja, n'kulinunkhiza nthawi yaitali.

"Iwe, dothi ili lilibe fungo," anatero. "Ukupopera masamba, koma wodwala ali pansi apa."

"Ndiye nditani, amalume? Mankhwala ena amphamvu alipo?"

"Amphamvu alipo, ndipo tinkathira ambiri kuntchito. Koma ndinaona ndi maso anga kuti pamene tinkathira manyowa owola bwino, matendawa ankabwera mochedwa ndiponso mofooka. Mayi ako ankathira chiyani apa?"

Ndinakhala chete. Mayi ankathira manyowa a m'dzenje la kuseri, chaka chilichonse mvula isanagwe, akusefa ndi lichero lakutha. Dzenjelo ine ndinalikwirira kuti pakhale poimika magalimoto a alendo.

Mawu a fungo aja anandikhala m'mutu, ndipo ndi amene anandilowetsa m'kuwerenga. Fungo limene timamva chizimalupsa chikagwa pa nthaka youma, lija limatikumbutsa kumudzi ngakhale tili pakati pa Cairo Road, limachokera makamaka kwa mabakiteriya a m'dothi otchedwa Streptomyces, amene amatulutsa kanthu kotchedwa geosmin. Mtundu womwewu ndi umene unapatsa dziko mankhwala a streptomycin, amene Albert Schatz ndi Selman Waksman anawapeza mu 1943 ku yunivesite ya Rutgers ku America, ndipo anakhala mankhwala oyamba ogonjetsa chifuwa chachikulu. Tizilomboti sitinapange mankhwalawa poganizira anthu. Ndi zida zawo zomenyera nkhondo m'dothi, polimbirana chakudya ndi malo ndi tizilombo tinzawo. Amalume ponunkhiza dothi lija, ankafunsa ngati asilikaliwo adakalimo.

Kwa ife a kum'mawa nkhani ya mabakiteriya abwino si yachilendo kwenikweni. Amene analimapo soya ku Katete kapena ku Chipata amadziwa kaufa kakuda kaja kosakaniza ndi mbewu musanabzale, kamene amati inokyulanti, komwe akatswiri a zaulimi a ku Mount Makulu ku Chilanga akhala akulimbikitsa alimi kugwiritsa ntchito. M'kaufako muli mabakiteriya amoyo amene amamanga timatuza pa mizu n'kumakokera chomera chakudya kuchokera mumpweya. Malamulo ake timawadziwa: osakasiya padzuwa, osakasunga chaka chathunthu, kusakaniza pamthunzi. Chimene ine sindinkadziwa n'chakuti aliponso mabakiteriya ena amene ntchito yawo si kudyetsa chomera koma kuchilondera.

Matenda amene anagwira kapinga wathu, pa Chingerezi amawatcha dollar spot, chifukwa pa udzu wometedwa kwambiri wa mabwalo a gofu madontho ake amakula ngati ndalama yachitsulo ya dola. Kwa zaka zambiri fangasi wake ankadziwika kuti Sclerotinia homoeocarpa, koma mu 2018 akatswiri anamuika mu mtundu watsopano wotchedwa Clarireedia. Amakonda masana ofunda, usiku wozizirira, masamba onyowa maola ambiri, dothi louma ndi udzu wanjala wosowa nayitrojeni. Powerenga zimenezi ndinkangoona ndondomeko yanga yothirira ija, mzere ndi mzere. Ndinaphunziranso kuti fangasi ameneyu amadziwika ndi kuzolowera mankhwala: ukamupopera mtundu umodzimodzi kawirikawiri, otsala ake amabereka ana osamva mankhwalawo. Alipo matenda enanso a kapinga, monga aja a Rhizoctonia solani amene amapanga zigamba zikuluzikulu zozungulira pamalo a chinyontho ndi feteleza wochuluka, choncho musathamangire kunena kuti dontho lililonse ndi dollar spot. Gwadani m'mawa muone tsamba.

Tsono mabakiteriya olonderawo amagwira bwanji ntchito? Apa ndi pamene nkhaniyi inandikomera kwambiri. Muzu wa chomera si payipi yongoyamwa madzi. Umatulutsanso timadzi ta shuga ndi zakudya zina m'dothi loyandikana nawo, ndipo tizilombo timasonkhana pamenepo ngati anthu pamsika wa Soweto m'mawa. Katswiri wa ku Germany, Lorenz Hiltner, ndiye anapatsa dzina kadera kozungulira muzuka mu 1904, n'kukatcha rhizosphere. M'kasupuni kamodzi ka dothi lachonde mumakhala mabakiteriya mamiliyoni mazanamazana. Abwino akachuluka pa muzu, amadya chakudya chimene fangasi akanadya, n'kukhala pamalo pamene akanaloŵera. Mlendo woipa amapeza nyumba yodzaza, mipando yonse ili ndi eni ake.

Ena sangotsekereza malo, amamenya ndithu. Bacillus subtilis, amene Ferdinand Cohn anamupatsa dzinali mu 1872, pamodzi ndi abale ake apafupi, amatulutsa zinthu zotchedwa iturin, fengycin ndi surfactin. Ziwiri zoyambazo zimaboola khungu la tiulusi ta fangasi mpaka zam'kati zimatayika, pamene surfactin amathandiza mabakiteriyawo kufalikira ndi kumamatira pa muzu. Mabakiteriya a mtundu wa Pseudomonas ali ndi nzeru ina: amatulutsa tinthu togwira ayironi wa m'dothi mwamphamvu, n'kumusunga okha, fangasi n'kutsala ndi njala ya ayironi. Ndipo pali chinthu chachitatu, chimene mpaka lero chimandizizwitsa. Mabakiteriya ena akakhala pa mizu, chomera chonse chimakhala tcheru, ngati mudzi umene wamva kulira kwa ng'oma, moti matenda akafika pa tsamba amapeza chitetezo chadzuka kale.

Umboni umene unandigwira mtima unachokera ku tirigu osati ku kapinga. M'chigawo cha Washington ku America, akatswiri monga R. James Cook ndi David Weller anafufuza matenda a mizu ya tirigu otchedwa take-all. Chodabwitsa chinali chakuti m'minda imene ankalima tirigu chaka ndi chaka, matendawa ankakula kwa zaka zingapo, kenako n'kuyamba kuchepa okha popanda mankhwala. Anapeza kuti mabakiteriya a Pseudomonas otulutsa mankhwala opha fangasiyo anali atachulukana pa mizu. Dothi linadzipangira lokha chitetezo. Ku yunivesite ya Cornell ku America nako, Eric Nelson anaonetsa kuti kuwaza kompositi wina wowola bwino pamwamba pa udzu kumachepetsa matenda monga dollar spot. Nditawafotokozera amalume zimenezi, anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya, ndi zija ndinakuuza." Analondola.

Makampani anatenga ena mwa mabakiteriyawa n'kuwaika m'mabotolo. Pali Bacillus wa nambala QST 713, amene amagulitsidwa ndi dzina la Serenade pa mbewu ndi Rhapsody pa udzu. Pali Pseudomonas aureofaciens Tx-1, amene anafufuzidwa ku Michigan State University polimbana ndi dollar spot. Kusiyana kwa awiriwa kuli ndi phunziro kwa ife a kotentha kuno. Bacillus zinthu zikavuta amadzitsekera m'kachikwa kolimba, n'kugona mpaka atapeza chinyontho, n'chifukwa chake amapirira m'paketi pashelefu. Pseudomonas alibe chikwa chotere, amafa msanga, moti mabwalo ena a gofu ku America anachita kuika thanki yofungatira mabakiteriyawo pabwalo pomwepo, n'kumawalowetsa m'mapayipi othirira usiku kuti dzuwa lisawaphe. Ife thanki yotere sitingaikwanitse. Ngati mukugula, Bacillus ndiye woyenera thumba lathu ndi nyengo yathu.

Koma apa ndinene mosabisa, chifukwa ndaona otsatsa malonda pa Facebook akulonjeza zozizwitsa. Mabakiteriya si jakisoni wobaya wodwala kuti adzuke. Ndi alonda, ndipo mlonda amalembedwa ntchito mbala isanabwere. Kafukufuku wa pa udzu amaonetsa kuti amachepetsa matenda akakhala ochepa kapena apakatikati, akathiridwa msanga ndiponso mobwerezabwereza, koma matenda akafika pachimake sawagonjetsa ngati mmene amachitira mankhwala a kemiko. Munthu amene akukuuzani kuti botolo limodzi lithetsa zonse akufuna ndalama zanu basi. Ndipo chachikulu, chimene ndinachimvetsa mochedwa: ukathira tamoyo pa dothi louma, lolimba, lopanda chakudya, uli ngati woitana alendo kunyumba yopanda denga ndi ufa. Sakhalitsa.

Choncho tinayamba ndi nyumbayo. Amalume anabwera masiku atatu otsatizana. Tinapala chiphasa cha udzu wakufa chija ndi reki yachitsulo mpaka tinadzaza mawilibala ambiri, kapinga n'kuoneka ngati wometedwa ndi lumo lobuntha. Mkazi wanga ataona anagwira pakamwa, poti panali ukwati pasanathe mwezi. Kenako tinabaya bwalo lonse ndi foloko ya m'munda, phazi ndi phazi, kugwedeza pang'ono kuti mpweya ndi madzi zilowe. Ntchito imeneyi imapweteka msana, musanamizidwe. Titatero tinawaza manyowa osefa, ochepa kwambiri moti nsonga za udzu zinkaonekabe, n'kuwasesera m'mabowo ndi tsache.

Pa manyowa ndinalakwitsapo kamodzi, ndipo ndikufuna ena asabwereze. Pofuna kufulumira, ndinagula matumba awiri a zitosi za nkhuku kwa munthu wina wogulitsa m'mbali mwa msewu, amene ananditsimikizira kuti ndi zowola. Zinali zisanawole. Pakona pamene ndinathira, udzu unapsa tsiku lachiwiri. Manyowa okhwima amakhala akuda, ozizira m'manja, onyenyeka, ndipo amanunkhira ngati nthaka ya m'nkhalango. Akamakuluma m'mphuno kapena akamatentha, asiyeni apitirize kuwola. Kuchokera pamenepo ndinakumbanso dzenje la mayi lija, magalimoto a alendo azikaima panja pa geti.

Kathiriridwe ndiko kanasintha kwambiri. Magetsi akabwera usiku, ndinkangodzaza thanki, osakhudza kapinga. Kuthirira kunali kwa m'bandakucha, kawiri pa sabata, madzi ambiri mpaka alowe pansi, kuti dzuwa likamatuluka masamba aume msanga. Mumtima ndinkadzifunsa ngati n'koyenera kuthirira udzu pamene anthu ena mumzinda womwewu akupanga mizere ndi zigubu. Funsoli silinandichoke mpaka pano. Chimene chimanditonthoza n'chakuti njira yatsopanoyi inkatha madzi ochepa kuposa kuwaza kwanga kwa tsiku ndi tsiku kuja, ndipo kapinga wathu wa makolo, amene akatswiri amamutcha Cynodon dactylon, ndi udzu wopirira chilala ukaulola kuzika mizu. Ndinakwezanso mpeni wa makina odulira udzu, ndinaunola, ndipo ndinayamba kuthira feteleza pang'onopang'ono kuti udzu usakhale wanjala komanso usakhute mopitirira.

Mabakiteriya a m'paketi anabwera pomaliza. Ndinapeza Bacillus subtilis wa ufa m'sitolo ina, ndinayang'ana tsiku lothera ntchito, n'kumusunga m'kabati yozizira. Chopopera ndinachitsuka katatu kuti musatsale mankhwala akale, makamaka a kopa, amene amapha mabakiteriya. Madzi ndinkatunga a m'chitsime, chifukwa a pampopi amakhala ndi klorini, ndipo ngati mulibe ena, atungeni agone m'ndowa yosavundikira. Ndinkapopera dzuwa litapendeka, motsatira muyeso wolembedwa papaketi, n'kubwereza pakatha masiku khumi kapena milungu iwiri m'nyengo imene matenda amakonda.

Amalume sakhulupirira zinthu pongomva. Anatenga chingwe ndi zikhomo n'kugawa mbali ya ku mapeyala ija patatu. Gawo loyamba tinangosintha kathiriridwe ndi kadulidwe. Lachiwiri tinawonjezera manyowa. Lachitatu manyowa ndi Bacillus. Mayeso enieni anafika mu Epulo 2025, mvula itasiya, pamene m'mawa mu Lusaka mumagwa mame ambiri ndipo usiku umayamba kuzizira. Madontho anabweradi. Pa gawo loyamba anali ambiri ndithu, ngakhale sanafike pa chipere cha chaka chatha. Pa lachiwiri anali ochepa, ndipo udzu unkatseka mabala msanga. Pa lachitatu anali ochepa kuposa pa lachiwiri, koma kusiyana kwake kunali kwakung'ono poyerekeza ndi kusiyana kwa loyamba ndi lachiwiri. Ichi ndi chimene maso anga anaona pa kabwalo kamodzi, m'nyengo imodzi. Kwa ine chinandiuza kuti asilikali ambiri anabwera ndi wilibala ya manyowa, ndipo a m'paketi anali ongowonjezera mphamvu. Paketiyo ndimagulabe, chifukwa pa malo ojambulirapo zithunzi za ukwati ngakhale madontho ochepa amaoneka. Koma munthu wa kapinga wa pakhomo chabe akandifunsa, ndimamuuza kuti ayambe wakumba dzenje la manyowa.

Botolo la kemiko lija sindinalitaye. Lili pashelefu yapamwamba, lokhomeredwa, ndipo ndinaligwiritsapo ntchito kamodzi kokha chaka chimenecho, pa kachigamba kamene kanakana kumva, mkati mwa sabata imene kunalibe alendo. Ndimaganiza za anyamata osamalira mabwalo a mpira monga Nkoloma, Woodlands ndi National Heroes, kumene udzu umapondedwa ndi nsapato za minga sabata ndi sabata. Iwo sangadikire miyezi ngati ine, ndipo sindingawaweruze akapopera. Ndimangolakalaka kuti m'maphunziro a anthu a ntchito imeneyi, ndi a magadeniboyi ambirimbiri a ku Kabulonga ndi Ibex Hill, nkhani ya dothi lamoyo izikambidwa mofanana ndi ya mabotolo.

Chinthu chomaliza chimene amalume anandiphunzitsa sichifuna ndalama ngakhale ngwee imodzi. Mame a pa udzu si madzi okha ayi. Usiku masamba amatulutsa timadontho tawo m'nsonga, tokhala ndi shuga ndi zakudya zina, ndipo fangasi amadya timeneto n'kumayenda kuchoka pa tsamba kupita pa linzake. Kuntchito kwawo ankadzuka usikusiku kukagwetsa mame ndi nsungwi yaitali asanafike osewera. Ife tinagwiritsa ntchito payipi yothirira. Tsiku loyamba anagona kwathu kuti andionetse. Inali 5 koloko, kukuzizira, atambala a kwa aneba akulira. Iwo anagwira mbali ina ya payipi, ine mbali ina, tinaikoka pansi pang'onopang'ono kuchoka kumpanda kupita kukhonde. Kutsogolo kwathu kapinga anali woyera ndi mame ngati wawazidwa ufa, kumbuyo kwathu akutsala wobiriwira bii. Titafika pa mapeyala anaima, anawerama movutikira chifukwa cha mawondo, anazula kadothi ndi chala n'kukanunkhiza. Kenako anatambasula dzanja.

"Tanunkhiza, mphwanga."

Ndinanunkhiza. Linali fungo la kumunda kwa agogo ku Katete, mvula yoyamba itangogwa.

"Tiye timalize mbali iyo dzuwa lisanatuluke," anatero, n'kutolanso payipi.